Akakuuzani Kuti Ndi Khansa: Kabuku ka Mabanja a ku Nkando ndi Midzi Yozungulira

Munthu amakwera minibasi pa Nkando m'mawa, buku lake la kuchipatala lili m'jumbo, akuganiza kuti akukangomva zotsatira za kanyama kamene anamudula masabata apitawo. Madzulo amatsika pa siteji pomwe paja atanyamula liwu limodzi lokha: khansa. Zina zonse zimene adokotala analongosola zatsalira m'chipinda muja, chifukwa makutu anatseka atangomva liwulo. Akafika pakhomo n'kufunsidwa kuti mwayendako bwanji, ambiri amangoti, "Andipatsa tsiku lina." Kenako amakagona osadya.

Kabuku aka talembera munthu ameneyo ndi onse amene amadya naye mbale imodzi. Nkhawa yathu yaikulu ili pa nthawi ya pakati pa tsiku limene munthu wauzidwa ndi tsiku limene wayamba kulandira chithandizo. Odwala ambiri amasowa pamenepa. Ena amabisa, ena amadikira kuti nandolo apse kaye apeze ya thiransipoti, ena amayamba ndi kwa asing'anga. Akamadzabwerera kuchipatala patapita miyezi isanu kapena isanu ndi umodzi, chotupa chimene chikanachotsedwa chimakhala chitayala mizu. Banja lodziwa zochita m'masabata oyambawa lingathe kutseka mpata umenewu.

Masiku oyamba

Kulira, kusowa tulo, kukwiyira Mulungu, kukana kuti mwina makina alakwitsa, zonsezi zimabwera ndipo sizisonyeza kuti munthu ndi wofooka kapena wopanda chikhulupiriro. Musamuletse kulira ndi mawu oti "limbani mtima" asanamalize n'komwe kufotokoza. Khalani naye pamkeka, mumvetsereni.

Inu amene mwauzidwa, sankhani munthu mmodzi woti mumuuze lero kapena mawa. Asakhale woti akamva mudzi wonse wamva. Akhale wodekha, wotha kuyenda, ndipo ngati n'kotheka wodziwa kulemba. Ameneyu ndiye azipita nanu kuchipatala, chifukwa pamene inu mutu ukuzungulira, iye amakhala akumva ndi kusunga zimene zikunenedwa. Enawo mudzawauza mukakonzeka. Matenda ndi anu, ndipo ndinu amene muli ndi ufulu wosankha woti adziwe.

Masiku amenewa si ogulitsira munda, njinga kapena malata. Dikirani mumve kaye bwinobwino chimene chikufunika.

Bwererani mukafunse

Khansa si nthenda imodzi. Pali ya khomo la chiberekero, ya m'mawere, ya kummero, ya pakhungu yotchedwa Kaposi, ya chikhodzodzo, ya prostate mwa abambo, ndi zina za ana. Iliyonse ili ndi mayendedwe ake ndi mankhwala ake. N'chifukwa chake nkhani ya a uje amene anamwalira patangotha miyezi iwiri siikuuzani kanthu za matenda anu. Mwina yawo inali ina, mwina inapezeka mochedwa.

Ife Amalawi tinaleredwa kuti pamaso pa munthu wovala zoyera tizingoti "chabwino, adokotala." Ulemu ndi wabwino, koma safunsa anadya phula. Gulani kope la ana asukulu, mulembemo mafunso anu musananyamuke, ndipo wokuperekezani azilemba mayankho. Funsani izi:

Kodi khansayi dzina lake n'chiyani, ndipo ili pati? Pemphani akulembereni m'buku lanu la kuchipatala.

Kodi yafika siteji yanji? Madokotala amawerenga kuyambira 1 mpaka 4. Siteji 1 ndiye kuti ikadali pamalo pamene inayambira. Siteji 4 ndiye kuti yafalikira kuziwalo zakutali.

Kodi chithandizo chimene mukundipatsachi n'chofuna kuchiza, kapena n'chochepetsa ululu ndi kutalikitsa moyo? Funso ili ndi lowawa kufunsa, koma ndi limene limathandiza banja kudziwa poika ndalama ndi mphamvu zake.

Ndibwere liti, khomo liti, ndipo ndikaonane ndi yani? Zinthu zikavuta usiku ndili kumudzi, ndithamangire kuti?

Ngati akulankhula Chingerezi kapena mawu akuluakulu, nenani kuti, "Pepani, sindinamve, mundifotokozere m'Chichewa." Adokotala akakhala pa changu, anamwino nthawi zambiri amatha kukhala nanu pansi n'kubwereza. Mukaona kuti simunathandizidwe moyenera, zipatala za boma zili ndi ofesi ya ombudsman yolandira madandaulo a odwala. Ndipo mukakhala ndi funso muli kunyumba, mungaimbe mwaulere ku Chipatala Cha Pa Foni.

Njira yake kuchokera kuno

Ife a ku Nkando tili ndi mwayi umene anzathu a kuseri kwa phiri alibe: tili pamsewu wa Midima, mbali ina Mulanje boma, mbali ina Limbe. Kawirikawiri ulendo umayambira pachipatala chaching'ono chapafupi, kupita ku Mulanje District Hospital kapena ku Mulanje Mission, kenako ku Queen Elizabeth Central Hospital ku Blantyre, kumene akuluakulu amati ku Gulupu. Kumeneko n'kumene kuli madokotala a khansa, maopaleshoni akuluakulu ndi mankhwala a m'diripi otchedwa kemo. Kalata yokutumizani ndi yofunika kwambiri. Musapite opanda iyo, ndipo muijambule pafoni pamodzi ndi zotsatira zonse, chifukwa mapepala amanyowa ndi kusowa. Ku chipatala cha boma chithandizo ndi chaulere. Ku chipatala cha mishoni zina zimalipiritsidwa, choncho funsani mtengo musanagonekedwe. Ngati wodwala wafooka, funsani pachipatala cha boma ngati pali ambulansi yopita ku Blantyre imene angakwere.

Amayi odwala khansa ya khomo la chiberekero adziwe kuti mu 2018 bungwe la Médecins Sans Frontières linayamba kugwira ntchito ndi Unduna wa Zaumoyo pa nthenda imeneyi ku Blantyre ndi ku Chiradzulu, ndipo amayi ambiri a chigawo cha kummwera achitidwa opaleshoni ku Queen Elizabeth kudzera m'ntchitoyi.

Kwa zaka zambiri dziko lathu linalibe makina owotchera khansa ndi kuwala kwamphamvu, chithandizo chimene madokotala amati radiotherapy. Wochifuna ankayenera kupita ku Zambia, Tanzania, Kenya kapena India, ndipo ambiri ankamwalira dzina lawo likadali pamndandanda. Mu 2024 chipatala cholipira cha International Blantyre Cancer Centre chinatsegulidwa ku Nyambadwe chili ndi makinawa, ndipo mu 2025 boma linatsegula National Cancer Centre pa Kamuzu Central Hospital ku Lilongwe. Ngati adokotala anena kuti mukufunika radiotherapy, afunseni kuti akutumizani kuti, mudikira nthawi yaitali bwanji, ndipo ndalama zimene zikhale zanu ndi ziti. Chithandizochi chimatenga masabata angapo, tsiku ndi tsiku, kotero muyenera kuganiziratu za kogona ndi chakudya.

Mwana akatupa tsaya kapena mimba mofulumira, kapena mukaona kadontho koyera m'kati mwa diso lake, musadikire. Khansa zina za ana, monga ya Burkitt imene imatupitsa nsagwada, zimamva mankhwala msanga, ndipo ku Queen Elizabeth kuli wodi yakeyake ya ana odwala khansa. Vuto limene limabwera ndi lakuti chotupa chikaphwa, makolo amaganiza kuti mwana wachira n'kuleka kupita naye. Malizitsani mankhwala onse.

Miyezi imene imatayika

Apa tilankhule mosabisa, pakuti tonse tikudziwa zimene zimachitika. Nthenda yobwera mwadzidzidzi, yotupa, yotulutsa magazi, yowondetsa munthu amene dzana ankalima, imabweretsa funso loti "wachita izi ndani?" Ena amakumbukira mkangano wa malire a munda, ena amaloza apongozi. Ulendo umayamba: kwa sing'anga wa kufupi, kwa wina wa ku Phalombe, kwa wina wa kutsidya ku Mozambique. Mbuzi zimatha, wodwala amatemedwa mphini pachotupa, bala limalowa mafinya, ndipo m'banja mumatsala chidani chimene sichidzatha ngakhale maliro atapita.

Khansa imayamba pamene tizigawo ting'onoting'ono ta thupi la munthu mwini tayamba kuchulukana mosalamulirika. Zina mwa zoyambitsa zake zimadziwika: kachirombo ka HPV pa khansa ya khomo la chiberekero, likodzo lokhalitsa pa khansa ya chikhodzodzo, fodya ndi mowa pa khansa ya kummero ndi m'kamwa, kuchepa kwa chitetezo cha m'thupi pa khansa ya Kaposi. Nthawi zina imagwira munthu amene sanasutepo, sanamwepo, wosamala m'zonse. Imagwira a ku Nkando, imagwiranso a ku London amene alibe mnansi wolimbirana naye munda.

Masiku ano kwabweranso amalonda a mabotolo ndi timapaketi, olengeza pa wailesi, pa WhatsApp ndi m'misika kuti ali ndi mankhwala osungunula chotupa chilichonse. Amadziwa kuti munthu wamantha salimbana ndi mtengo. Wina aliyense wokuuzani kuti musiye mankhwala a kuchipatala, kapena kuti "mpeni ukakhudza khansa imafalikira," akukuberani chinthu chimene simungachigulenso, ndiyo nthawi. Ngati pali zitsamba zimene mukumwa kale, auzeni adokotala osachita manyazi, chifukwa zina zimalimbana ndi kemo ndipo zina zimawononga chiwindi ndi impso.

Pemphero ndi mzati wa odwala ambiri, ndipo abusa, ansembe ndi mashehe ambiri amalimbikitsa anthu awo kupita kuchipatala. Aitaneni adzapemphere nanu. Koma akakuuzani kuti mwachiritsidwa ndipo kubwerera kuchipatala n'kusakhulupirira, pitanibe pa tsiku limene munapatsidwa mukayezedwe.

Msonkhano wa banja

Kuno kwathu nkhani ya matenda aakulu imafika kwa malume, kwa eni mbumba, ndi kwa ankhoswe ngati wodwala ali pabanja. Wodwala akalola, itanani msonkhano msanga, iye ali pomwepo. Si bwino kukambirana za munthu kuseri kwa nyumba ngati kuti wapita kale, kapena kugwirizana ndi adokotala kuti asamuuze. Munthu amadziwa thupi lake. Akaona aliyense akunong'ona, amatsala yekha ndi mantha ake.

Pamsonkhanowo musangoti "tithandizana." Tchulani maina ndi ntchito. Gadiyani wa kuchipatala akhala ndani, ndipo adzamulandira ndani pakatha sabata ziwiri? Ana aziphikiridwa ndi yani? Munda upaliridwa ndi yani? Wa ku Joni kapena wa ku Lilongwe azitumiza zingati, tsiku liti, pa nambala ya yani? Ndalama zisungidwe ndi munthu mmodzi wolemba zolowa ndi zotuluka m'kope, kuti pasadzakhale kulozana zala.

Ngakhale chithandizo chili chaulere, ndalama zimapita pa thiransipoti ya anthu awiri, chakudya cha gadiyani, sopo, makala, ndiponso mankhwala ogula pamene kuchipatala atha. Ulendo sukhala umodzi: kemo amaperekedwa mobwerezabwereza, nthawi zambiri pakapita masabata atatu aliwonse, kwa miyezi ingapo. Funsani kuti maulendo akhala angati, muwerengeretu. Magulu ambiri a banki m'khonde ali ndi thumba la zadzidzidzi. Funsani za limenelo musanatenge ngongole ya chiwongoladzanja, ndipo katapila mumutalikire. Amayi a Mvano, a Dorika, a m'miphakati ndi a ku mzikiti amathandiza kwambiri akauzidwa chosowa chenicheni, kaya ndi ufa, nkhuni, kapena munthu wogona ndi wodwala Lachitatu. Dziwitsani mlangizi wa zaumoyo wa m'dera lanu ndi amfumu, ndipo kafunseni ku ofesi yosamalira anthu ku boma ngati banja lanu lingaganiziridwe pa Mtukula Pakhomo. Wogwira ntchito ku esiteti ya tiyi kapena kwina atenge kalata ya adokotala apite nayo kwa omulemba ntchito, asangosowa.

Ana nawo auzidwe molingana ndi msinkhu wawo: "Amayi akudwala matenda otchedwa khansa, akulandira mankhwala, si iwe wachititsa, ndipo sungatengere." Mtsikana wamkulu asasiyitsidwe sukulu kuti akhale wodwazika.

Mawu kwa abambo

Dziko lathu lili m'gulu la maiko amene khansa ya khomo la chiberekero yafala kwambiri padziko lonse. Chaka chilichonse amayi opitirira 4,000 amapezeka nayo ndipo pafupifupi 3,000 amamwalira. Ambiri mwa amayi amenewa, kuwonjezera pa ululu, amasenzanso chitonzo. Poti kuno mwamuna ndiye amadzakhala kwa mkazi, n'kosavuta kuti matenda akakula iye anyamule chikwama n'kubwerera kwawo. Abambo, mkazi wanu akamataya magazi kapena madzi onunkha, si kuti ndi wauve, ndipo si umboni woti anayenda njira. Kachirombo ka HPV kamafala pogonana, inde, koma anthu ambiri, amuna ndi akazi omwe, amakatenga nthawi ina m'moyo mwawo osadziwa, ndipo kamatha kukhala zaka khumi kapena makumi awiri kasanayambitse khansa. Palibe angaloze kuti kanachokera kwa yani. Khansayo payokha siipatsirana: mungadye naye, kugona naye chipinda chimodzi, kumusambitsa. Za kukhalira pamodzi monga banja, funsani anamwino nonse awiri, chifukwa pali nthawi imene thupi limafunika kupuma. Mperekezeni kuchipatala. Ankhoswe, apa ndi pamene ntchito yanu imaoneka.

Matenda akalowa m'nyumba, amayi ena a pakhomopo apite kukayezetsa khomo la chiberekero. Kuyeza ndi viniga kumatenga mphindi zochepa, ndipo zizindikiro zoyamba zikapezeka amatha kuziwotcha tsiku lomwelo zisanasanduke khansa. Amayi a zaka 25 mpaka 49 ndiwo amalimbikitsidwa kwambiri, makamaka amene ali ndi HIV, poti chiopsezo chawo ndi chachikulu pafupifupi kasanu ndi kamodzi. Katemera wa HPV anayamba kuperekedwa m'dziko lonse mu 2019 kwa atsikana a zaka 9. Satseketsa kubereka, ndipo mlangizi wa zaumoyo angakuuzeni kumene mwana wanu angakabayitse.

Mankhwala akayamba

Kemo amafooketsa. Munthu amachita nseru, amasanza, mkamwa mumatuluka zilonda, tsitsi limatha kuthothoka, zikhadabo zimada. Achibale akaona izi amati mankhwala akumupha, n'kumuletsa kubwerera. Zambiri mwa izi zimadutsa, tsitsi limameranso, ndipo alipo mankhwala oletsa kusanza amene mungapemphe. Koma chimodzi ichi musachiiwale: munthu amene ali pa kemo akatentha thupi kapena kunjenjemera, ngakhale pakati pa usiku, pezani njinga yamoto kapena galimoto mupite naye kuchipatala nthawi yomweyo, ndipo mukanene kuti ali pa kemo. Musangomupatsa panado n'kudikira kuche, ndipo musangoganiza kuti ndi malungo wamba. Kemo amachepetsa asilikali a m'thupi, kotero matenda aang'ono angathe kumutenga m'maola ochepa. Chimodzimodzi akamataya magazi ambiri, akamasanza osaleka, kapena akalephera kukodza.

Amene ali pa ma ARV apitirize osadumphitsa. Pa khansa ya Kaposi, ma ARV ndi mbali ya chithandizo chenichenicho.

Chakudya sichifunika cha m'sitolo. Phala lothira nsinjiro kapena dzira, mapeyala, nthochi, mbatata yofutsa, usipa wosinja, nandolo wophika mpaka kufewa, mkaka ukapezeka. Mupatseni pang'onopang'ono kangapo pa tsiku, osamukakamiza mbale yodzaza. Madzi akumwa akhale owiritsa kapena othira mankhwala. Mkamwa mukakhala zilonda, azichukucha ndi madzi ofunda othira mchere pang'ono. Wodwala khansa ya kummero, amene nsima imamutsamwa, mumusefere phala likhale lamadzimadzi, adye atakhala tsonga, ndipo mufunse adokotala ngati angamuike kapaipi kotsegula njira ya chakudya.

Akanena kuti siichira

Mawu oti "palibe chimene tingachite, pitani naye kunyumba" apweteka mabanja ambiri, ndipo si oona. Khansa ingakane kuchira, koma ululu umamva mankhwala, fungo la bala limatha kuchepetsedwa, munthu amatha kugona tulo, kucheza ndi zidzukulu zake ndi kukonza za pakhomo pake. Ntchito imeneyi kuchipatala amaitcha palliative care, chisamaliro chochepetsa ululu ndi mavuto a matenda okhalitsa. Ku Queen Elizabeth kuli kiliniki ya Tiyanjane ya akuluakulu ndi ya Umodzi ya ana, ndipo ku Mulanje District Hospital ndi ku Mulanje Mission aliponso anamwino ndi madokotala ophunzitsidwa ntchitoyi. Pemphani kuti akulembetseni msanga, ngakhale mukadali pa kemo. Simuyenera kudikira kuti zinthu zifike poipa.

Ululu ukakula amapereka morphine wamadzi. Anthu ambiri amamuopa, amati ndi mankhwala omalizira munthu. Akamwedwa monga momwe alembera, morphine sapha ndipo sapengetsa. Chinsinsi chake ndi kumwa pa nthawi yake, kawirikawiri maola anayi aliwonse, osadikira kuti ululu ubwerere kaye. Gwiritsani ntchito alamu ya pafoni. Masiku oyamba munthu amatha kuwodzera kapena kuchita nseru, kenako thupi limazolowera. Morphine amamanga m'mimba, choncho pemphani mankhwala ofewetsa chimbudzi, ndipo papaya ndi madzi ambiri zimathandiza. Botolo libisidwe kutali ndi ana, lisabwerekedwe kwa wina aliyense, ndipo mukatengenso lina lisanathe. Ngati mlingo sukugwiranso, kauzeni anamwino m'malo moonjezera nokha.

Wodwala wogona muzimutembenuza pakapita maola awiri aliwonse kuti asachite zilonda za pamsana ndi m'chiuno. Pansi pa nsalu yalani pulasitiki, nsalu zonyowa muzisintha msanga, ndipo tsegulani zenera. Bala lonunkha litsukidwe ndi madzi owiritsa a mchere pang'ono. Anamwino ali ndi mankhwala othira pabala ochotsa fungo, afunseni. Musamusamutsire m'kachisakasa kuseri chifukwa cha fungo. Masana mutulutseni akhale pakhonde, aone anthu akudutsa.

Akafuna kulankhula za munda, za ana, za kumene akufuna kudzaikidwa, musamutseke pakamwa ndi mawu oti "musatero, muchira." Kulemba wilo sikuitana imfa. Lamulo la chuma cha masiye la chaka cha 2011 limateteza mkazi, mwamuna ndi ana otsala, ndipo kulanda katundu wa masiye ndi mlandu. Wilo yolembedwa ndi kusainidwa pamaso pa mboni ziwiri imachepetsa mikangano yambiri.

Ndipo yang'anirani wodwazika. Nthawi zambiri amakhala mayi mmodzi, mchemwali kapena mwana wamkazi, amene amachapa, kuphika, kudzuka usiku kupereka mankhwala, kwinaku aliyense wobwera kudzazonda akufunsa za wodwala yekha. Mukabwera kudzaona matenda, bwerani ndi ndowa ya madzi kapena mtolo wa nkhuni, mufunse nthawi imene mlingo wotsatira wa mankhwala uyenera kuperekedwa, ndipo mumuuze kuti, "Achemwali, kagoneni, ine ndikhala nawo mpaka madzulo."